Okumba ndi olonda mbuli

Ndinafika ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, mu Ogasiti 2002, nditanyamula chikwama chimodzi ndi mtima wodzitama kuti mpira ndimaudziwa. Nanga si ndinakulira ku Dedza khutu lili pa wailesi, Bullets ikamakumana ndi Wanderers? Pasanathe mwezi ndinaona mzinda wonse ukukhamukira ku bwalo la yunivesite ya Notre Dame, anthu oposa 80,000, kukaonera chimene iwo amachitcha football. Ine ndinaonera pa TV. Ndinaona zimphona zovala zipewa ngati za njinga yamoto zikugundana, kugwerana mulu, kudzuka, kunong'onezana, kenaka n'kugundananso. Ndinafunsa mnzanga wa ku Ntcheu amene ankandisunga masiku amenewo kuti, "Achimwene, kodi anthuwa ayamba nthawi yanji kusewera?" Anaseka mpaka kutsamwa ndi nsima ya ufa wogula m'sitolo ya anthu a ku Mexico.

Amene ananditsegula maso anali munthu woti sankatha n'kuimirira yekha. Monga Amalawi ambiri a mumzinda uno, ntchito yanga yoyamba inali yosamalira okalamba, ndipo mmodzi mwa iwo anali bambo wina amene anaphunzitsapo anyamata a sekondale masewerawa kwa zaka zambiri. Tonse tinkangowatchula kuti a Kochi. Miyendo inali itawakana, koma mutu unkagwira bwino lomwe. Ankasunga tizikapu tapulasitiki tomwera mankhwala, ndipo usiku wina ndikuwasinthira zofunda anatindandalika pa kathebulo kodyera, 11 choimika, 11 chozondotsa. "Leka kuyang'ana mpira," anatero. "Mpira amayang'ana ndi ana. Werenga anthu amene akuthamangira woponyayo, uwerengenso amene atsalira kumbuyo. Masewera onse ali pamenepo."

Kwa amene sanaonerepo, nkhani yake ili motere. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi, mpaka ikafikitse mpira kumapeto kwa bwalo, chigoli cha mapointi 6 chimene amachitcha touchdown. Mpirawo angathe kuthamanga nawo, kapena kuuponya kutsogolo kamodzi. Woponyayo ndiye quarterback. Patsogolo pake pamaima amuna asanu onenepa omutchinjiriza, ndipo asanu otsalawo ndiwo angalandire mpira. Katswiri weniweni safuna nthawi yaitali: masekondi asanakwane atatu waona kale pamene pali mpata, mpira wapita. Ntchito ya otchinga 11 a timu inayo ndi kumubera masekondi amenewo, kaya pomufika msanga, kaya pomubisira mpata kuti azengereze.

A Kochi akufotokoza, ine maganizo anali kumunda kwa agogo mwezi wa Julayi, titatha kukolola. Pokumba mbewa tinkagawana: ena agwire makasu pa una, ena akalonde mbuli, kabowo kobisika kamene mbewa imatulukira zikathina. Tikachuluka okumba, tinkafika msanga pa funkha, koma mbewa ikatulukira pa mbuli yopanda munthu, tinkabwerera chimanjamanja. Tikachuluka olonda, mbuli zonse zinkatsekeka, koma okumba ankatopa dzuwa lisanapendeke, mbewa n'kupeza nthawi yofukula njira ina. Anyamata ndi omwewo. Sungawonjezere uku osachotsa uko. Nditawafotokozera a Kochi zimenezi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kufunsa ngati mbewazo tinkadyadi. Nditavomera, anati za kudyazo ndisadzawauzenso, koma zinazo ndamvetsa kuposa ena mwa anyamata amene anawaphunzitsa. Kuyambira pamenepo anayamba kundisimbira mbiri ya kusaka kumeneku, usiku ndi usiku, ndipo zimene sanamalize ndinakazitola ndekha m'mabuku ndi m'mafilimu akale.

Poyamba panalibe mbewa yoti isakidwe. Mpaka 1905 kuponya mpira kutsogolo kunali koletsedwa. Masewera anali okankhana gulu ndi gulu ngati ng'ombe pa dibi, ndipo chaka chimenecho osewera pafupifupi 20 anafa. Mtsogoleri wa dziko, Theodore Roosevelt, anaitanitsa akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton ku White House n'kuwauza kuti akonze zinthu. Malamulo a 1906 analola kuponya kutsogolo, cholinga chili chomwaza anthu pabwalo kuti asamaphwanyane. Koma analola monyinyirika: mpira ukagwa pansi wopanda woukhudza, unkapita kwa adani, choncho makochi ambiri anauopa. Amene anaonetsa dziko lonse kuti kuponya ndi chida anali anyamata a mumzinda wathu uno. Pa 1 Novembala 1913, Notre Dame, sukulu yachikatolika imene matimu akuluakulu sankaiwerengera, inapita ku West Point n'kukakwapula timu ya asilikali 35-13, Gus Dorais akuponya, Knute Rockne akuwakha. Awiriwa anathera nyengo yotentha ya chaka chimenecho akuyeserera pamchenga ku Cedar Point, m'mbali mwa nyanja ya Erie, kumene ankagwira ganyu. Asilikali anali ataunjikana kutsogolo, onse okumba, mbuli zili pululu. Atabwerera m'mbuyo kuti alonde, Notre Dame inayamba kuwadutsa pakati, mpira uli m'manja. Funso limene makochi akulimbana nalo mpaka lero linabadwa masana amenewo.

Mu ligi ya osewera olipidwa, NFL, woponya anakula pang'onopang'ono. Mu 1933 anamulola kuponya ali paliponse kuseri kwa mzere woyambira. Mu 1940 Chicago Bears, Sid Luckman ataima pamsana penipeni pa wopereka mpira, inaswa Washington 73-0 m'ndime yotsiriza, matimu ena n'kuyamba kutengera kaimidwe kameneka. Kenaka kunabwera Otto Graham wa Cleveland Browns, amene mphunzitsi wake Paul Brown anamumangira khola la anthu lomwe mpaka lero amalitcha pocket, ndiye kuti thumba. Browns inalowa mu NFL mu 1950 itatenga zikho zinayi zotsatizana mu ligi ina, ndipo pa masewero ake oyamba inathambitsa akatswiri a ligi, Philadelphia Eagles, 35-10. Patangopita milungu iwiri, mphunzitsi wa New York Giants, Steve Owen, anajambula pa bolodi chimene chinadzatchedwa ambulera. Anthu anayi ankaima kumbuyo mokhota ngati ambulera yotambasula, ndipo awiri a m'mphepete mwa mzere wakutsogolo, m'malo mothamangira Graham, ankabwerera m'mbuyo kukatseka njira. Graham akayang'ana pamene pamakhala mpata masiku onse, ankapezapo munthu. Giants inapambana 6-0, koyamba kuti Browns ituluke m'bwalo yopanda pointi. Mmodzi mwa anayi a kumbuyo aja anali Tom Landry, amene pambuyo pake anasandutsa ambulerayo kukhala kaimidwe ka 4-3: okumba anayi, atatu apakati otchedwa linebacker, ndi olonda anayi. A Kochi ankakonda kunena kuti zonse zimene zabwera pambuyo pake ndi zidzukulu za ambulera imeneyi.

Koma kulonda sikukhutitsa aliyense. Makochi ena anati, tilekeranji kumugwira munthuyo mpira usanachoke m'manja? Anayamba kutumiza linebacker mwadzidzidzi, kuti othamangira woponya achuluke kuposa omutchinjiriza. Poyamba ankati red dog, kenaka linakhazikika dzina lakuti blitz, lochokera ku mawu a Chijeremani onena za nkhondo yothamanga ngati mphezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, St. Louis Cardinals inafika potumiza ngakhale mlonda womaliza, Larry Wilson, kumbuyo n'kusiyako kopanda munthu. Nthawi yomweyo ku Los Angeles Rams kunali Deacon Jones, amene sankafuna n'komwe thandizo. Ankayamba ndi kumenya khofi pachipewa cha womutchinga, ndipo munthu akamaphethira, iye wadutsa kale. Ndiye anafalitsa mawu akuti sack, kutanthauza kugwetsa woponya mpira ukadali m'manja, ndipo ankafanizira ndi kulowetsa adani onse m'thumba n'kulimenya ndi chibonga. Ine ndikamva sack khutu langa limamva kusaka, ndipo sindinaonepo chifukwa cholikonzera. Mu 1971 Alan Page wa Minnesota Vikings, winanso wochokera ku Notre Dame, amene anadzakhala woweruza m'khoti lalikulu la Minnesota, anakhala wotchinga woyamba kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi.

Zaka za m'ma 1970 zinali za otchinga. Pittsburgh Steelers inali ndi okumba anayi oopsa otsogozedwa ndi Joe Greene, alonda awiri ogawana kumbuyo pakati ndi pakati, ndiponso Mel Blount, wamtali ngati mlongoti, amene ankakankha wolandira mpira kuyambira pamzere mpaka kumene wathera mphamvu. Zigoli zinachepa, ndipo eni ligi, amene ndalama zawo zambiri zimachokera ku TV, anaona kuti anthu salipira kuti aonere 6-0. Mu 1977 analetsa khofi lija limene Jones analitchukitsa. Mu 1978 analamula kuti wolandira mpira asakankhidwe akadutsa mayadi 5, lamulo limene anthu amalitchulabe dzina la Blount, ndipo analolanso otchinjiriza woponya kutambasula manja. Akafika apa a Kochi ankamenya thebulo mpaka tizikapu kugwa. Phunziro lawo linali lakuti mbewa iyi ili ndi mwini wake. Ukangopeza njira yoigwirira, mwini munda amabwera kudzakulanda khasu.

Atamangidwa manja kumbuyo, otchinga anakafuna liwiro kutsogolo. Mu 1981 Giants inatenga Lawrence Taylor, linebacker wamphamvu ngati wokumba, waliwiro ngati mlonda, n'kumamuimika mbali imene woponya ndi dzanja lamanja saona, kumsana kwake. Bill Walsh, mphunzitsi wa San Francisco 49ers, pofuna kuteteza woponya wake Joe Montana, anachita kuzula chimphona china pamalo pake, John Ayers, kuti chizikakumana ndi Taylor panjira. Pa 18 Novembala 1985, Lolemba usiku dziko lonse likuonera, Taylor anagwera Joe Theismann, woponya wa Washington, mafupa onse awiri a kunsi kwa bondo n'kuthyoka. Taylor yemweyo ndiye anadzambatuka n'kumakodola madokotala mwamantha. Theismann sanasewerenso. A Kochi anamuonerapo Theismann ali mnyamata pa Notre Dame, ndipo nkhani imeneyi ankaikamba mawu atatsika. Chotsatira chake chinali chakuti munthu wotchinga kumsana kwa woponya, amene kale sankawerengedwa, anasanduka mmodzi mwa olipidwa kwambiri mu timu. Taylor anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 1986, ndipo kuchokera pamenepo ulemu umenewu sunagwerenso wotchinga aliyense.

South Bend ili pafupi ndi Chicago kuposa Indianapolis, choncho madala ambiri kuno ukawatchulira 1985 maso amawala. Chaka chimenecho otchinga a Bears anali m'manja mwa Buddy Ryan, msilikali wakale wa nkhondo ya ku Korea, amene nzeru yake inali yachidule: woponya wogona chagada saponya. Kaimidwe kake ankakatcha 46, dzina lochokera pa nambala ya jezi ya Doug Plank, mlonda amene ankakonda kugunda. Ryan ankaunjika anthu asanu ndi atatu pafupi ndi mzere, atatu akuluakulu maso ndi maso ndi atatu apakati a adani, kuti pasakhale wothandiza mnzake. Woponya sankadziwa kuti abwera angati. Ankangodziwa kuti ndi ambiri. Bears inapambana masewero 15 mwa 16, m'ndime ya chipulula inatseka Giants 21-0 ndi Rams 24-0, ndipo mu Super Bowl, ndime yotsiriza, inaphwasula New England Patriots 46-10. Woponya wa Patriots, Tony Eason, anaponya kasanu ndi kamodzi osapeza mnzake n'kamodzi komwe, mpaka anamutulutsa. Masewero atatha osewera ananyamula Ryan pamapewa.

A Kochi, komabe, ankakonda kukamba za tsiku limodzi lija Bears inagonja. Pa 2 Disembala 1985 ku Miami, Dan Marino, amene mpira unkachoka m'manja mwake ngati mwala wa pa legeni, anamwaza olandira mpira atatu n'kumaponya okumba asanafike. Mbuli zinali zambiri, alonda ochepa. Popita kokapuma zinali 31-10, ndipo zinathera 38-24. Blitz imaopseza woponya wamba. Katswiri amachita kuiyembekezera, chifukwa aliyense amene wabwera kwa iye wasiya malo, ndipo iye amadziwa malowo munthuyo asananyamuke. Pasanathe zaka zambiri matimu anali ataphunzira kwa Marino, 46 n'kusanduka tsabola wakale.

Mphamvu itakanika, panabwera bodza. Dick LeBeau, mphunzitsi wa otchinga, ali ku Cincinnati Bengals m'zaka za m'ma 1980, anadzifunsa kuti, bwanji woponya aziona ngati akubwera ambiri pamene akubwera ochepa? Anayamba kutumiza linebacker, koma nthawi yomweyo chimphona chimodzi cha kutsogolo, chimene aliyense akudziwa kuti ntchito yake ndi kukumba, chinkabwerera chafutambuyo n'kukaima pa mbuli imene linebacker uja wasiya. Woponya amaona munthu akubwera, amaponya kumene munthuyo wachokera monga anaphunzitsidwira, mpira n'kugwera m'manja mwa chimunthu chimene sichimayenera kukhalako. Iyi ndiyo zone blitz, imene inadzakhwimira ku Pittsburgh m'zaka za m'ma 1990. Mdani amene LeBeau anamupezera katswiri anali maphunziro ake omwe.

Panalinso njira ya kulolera. Mu Januwale 1991 Buffalo Bills ya woponya Jim Kelly, imene inkasewera mosapumira, inafika mu Super Bowl itangoswa kumene Raiders 51-3. Bill Belichick, amene ankayang'anira otchinga a Giants, anauza anyamata ake chinthu chimene chinawawawa m'makutu: amulole Thurman Thomas, wothamanga ndi mpira, adye mayadi 100. Nthawi zambiri ankaika okumba awiri okha, ena onse kumbuyo, kuti aliyense wolandira mpira azilandirira pamodzi ndi chigundo. Thomas anathamangadi mayadi 135. Koma Giants ikatenga mpira inkaukhalira, mphindi 40 ndi masekondi 33 pa mphindi 60 za masewero, Kelly ali pa benchi atapinda manja. Inapambana 20-19, ndipo mapepala a pulani imeneyo anakasungidwa m'nyumba ya mbiri ya masewerawa ku Canton, m'chigawo cha Ohio. A Kochi ankati njira yokhayo yosakayikitsa yoletsera katswiri ndi kumukhazika pansi.

Zonsezi ndinachita kumva. Zoona ndi maso anga, ndikudziwa chimene ndikuona, zinayamba pa 18 Januwale 2004, ndili pa shifiti, ine ndi a Kochi tikuonera Indianapolis Colts ya Peyton Manning ikusewera ndi Patriots ku Foxborough, chipale chofewa chikugwa. Manning anali munthu wowerenga. Ankafika pamzere, kuyang'ana kaimidwe ka adani, kukuwa, kuloza, n'kusintha pulani yonse pomwepo. M'masewero awiri apitawo Colts sinakakamizidwe n'kamodzi komwe kubwezera adani mpira ndi phazi. Belichick, tsopano ali mphunzitsi wamkulu wa Patriots, anachita zimene anachitira St. Louis Rams ya Kurt Warner zaka ziwiri m'mbuyomo: kusiya mutu, kumenya manja. Olandira mpira a Colts ankakankhidwa, kukokedwa, kuchedwetsedwa, mwakuti Manning akaponya pamalo pa pangano, mnzake anali asanafike. Anaponyera adani kanayi, katatu kwa Ty Law yekha, ndipo Colts inagonja 24-14. Ine ndinapsa mtima ngati mbadwa ya Indiana. A Kochi anangoti, "Dikira Malichi, mwana wanga," chifukwa ndiwo mwezi umene eni ligi amakumana. Akuluakulu a Colts anadandaula, ligi inauza oyimbira kuti akhwimitse lamulo la mayadi 5 lija, ndipo nyengo yotsatira Manning anaponya ma touchdown 49, kuposa 48 a Marino amene anakhala osafikiridwa kwa zaka 20. Mwini munda anali atabweranso.

Tsono khofi akulanda, kukankha akulanda, blitz yasanduka ndiwo ya katswiri, chatsala n'chiyani? Yankho tinaliona pa 3 Febuluwale 2008, Super Bowl yomaliza imene ndinaonera ndi a Kochi. Patriots inali itapambana masewero onse 18, Tom Brady ataponya ma touchdown 50 mu ligi. Giants inali ndi okumba Michael Strahan, Osi Umenyiora, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, ndi Justin Tuck wochokera ku Notre Dame, amene ankamulowetsa pakati kuti apanikize Brady kumaso. Woponya wosathamanga amadana nako kwambiri kumeneko, chifukwa amasowa popondera poponya. Ankatumiza wachisanu apo ndi apo, koma ntchito yaikulu anagwira akutsogolowo. Anamugwetsa Brady kasanu, Giants n'kupambana 17-14. A Kochi anatenga tizikapu tinayi n'kutiika kutsogolo, tisanu ndi tiwiri kumbuyo, osanena kanthu. Anayi akakhala okwanira, una ukukumbidwa ndipo mbuli iliyonse ili ndi mlonda. Vuto n'lakuti anayi otere sapezeka chaka chilichonse, ndipo akapezeka, kuwalipira onse nthawi yaitali sikutheka. A Kochi anatisiya m'nyengo yozizira yotsatira. Tizikapu tija ana awo anataya pochotsa katundu m'chipinda, ndipo sindinawaletse. Ndikanawafotokozera bwanji?

Kuchokera pamenepo woponya amasungidwa ngati dzira. Brady atavulala bondo mu 2008, analetsa wotchinga amene ali pansi kudumphira miyendo ya woponya. Aaron Rodgers atathyoka fupa la paphewa mu 2017, anakhwimitsa lamulo loletsa kumugwera ndi thupi lonse. Malamulo amenewa sindiwada. Ndasamalira okalamba ambiri, ndikudziwa chimene munthu amasanduka mutu ukasiya kugwira, ndipo mwendo wa Theismann ndinauona kamodzi pa filimu, sindifuna kuuonanso. Koma ntchito ya wotchinga inavuta: afike mwaliwiro ngati kale, koma agwetse munthu ngati akugoneka mwana. Pamwamba pa izo kunabwera oponya othamanga ngati agwape, Michael Vick, kenaka Lamar Jackson, amene amakakamiza timu kuchotsa munthu mmodzi pa ntchito zonse ziwiri kuti angokhala kazitape wowatsatira ndi maso. Anyamata ndi 11 omwe aja, ntchito zakhala zitatu.

Patrick Mahomes wa Kansas City Chiefs anabwera nazo zonse: dzanja, miyendo ndi mutu. Matimu ambiri amene anamutumizira blitz analira. Mankhwala ake anapezeka m'mwambi wathu uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Makochi monga Vic Fangio anabwezera alonda awiri kumbuyo kwenikweni, ngati a Steelers akale, oima mofanana nthawi zonse mpira usanayambe, n'kumasintha malo pokhapokha wayamba, kuti woponya aziwerenga mpira uli kale m'manja, okumba ali m'njira. Zili ngati akumuuza kuti, tenga mayadi 5, tenganso ena 5, koma 50 sitikupatsa. Tione ngati ungadekhe mpaka kumapeto kwa bwalo osalakwitsa. Munthu amene anazolowera kudabwitsa anthu, kudekha kumamuvuta kuposa kugundidwa. Mu Febuluwale 2021 Tampa Bay inamuchita zimenezi, Chiefs n'kugonja 31-9 yopanda touchdown. Mu Januwale 2022 Cincinnati inafika pomatumiza atatu okha, asanu ndi atatu ali kumbuyo, ndipo itatsalira 21-3 inapambana 27-24. Koma Mahomes ndi katswiri. Anaphunzira kudya pang'onopang'ono, natenga zikho ziwiri zotsatizana.

Pa 9 Febuluwale 2025 ndinakhala pa sofa ndi mwana wanga wamwamuna, wobadwira kuno, amene mbewa ya pa mpani anangoiona pa chithunzi. Chiefs inkafuna Super Bowl yachitatu motsatizana, chinthu chimene palibe timu inachitapo. Inkakumana ndi Philadelphia Eagles, imene otchinga ake anali m'manja mwa Fangio. Ndinamuuza mnyamatayo kuti aleke kuyang'ana mpira, awerenge anthu. Anawerenga: anayi. Ulendo wotsatira, anayi. Anayamba kuwerenga mokweza, monyoza pang'ono, kenaka kunyoza kunatha. Popita kokapuma zinali 24-0. Mahomes anagwetsedwa kasanu ndi kamodzi, anaponyera adani kawiri, ndipo zinathera 40-22, Fangio osatumiza blitz usiku wonse. Ambulera ya 1950 inali itatambasulidwanso.

Mwanayo anatembenuka. "Adadi, ndiye kuti apeza mankhwala ake?"

Ndinafuna kumuuza kuti adikire Malichi, koma ndinapita kukhitchini n'kukatola zitsekerero 11 za mabotolo a fanta, n'kuzikhuthulira pa thebulo. Ndinati ayerekeze kuti okumba ake anayi ndi anthu wamba, monga alili m'matimu ambiri, ndipo sakufika. Aziike mmene akufunira. Anaganiza, natenga chimodzi cha kumbuyo n'kuchikankhira kutsogolo, kuti zikhale zisanu. Ndinaika chala pamene anachotsapo.

"Nanga apa alonda ndani?"